Kodi asilikali a ku America akubisa chiyani za zouluka zosadziwika? Yankho kwa wowerenga

Kalata imene yandipeza pa imelo sabata ino ndi yaifupi. Bambo wina amene amawerenga tsamba lino akuti m'gulu la WhatsApp la kuntchito kwawo mukuzungulira kavidiyo ka msilikali wa ku America akulumbira pamaso pa aphungu kuti boma lawo likusunga mitembo ya zamoyo zochokera kunja kwa dziko lapansi. Iwo akufunsa kuti: "Kodi ndi zoona kuti avomera? Ngati sanavomere, akubisiranji? Nanga munthu wamba angafufuze bwanji payekha?"

Bambo, boma la America silinavomere zimenezo. Amene mukumuona m'kavidiyoko ndi David Grusch, yemwe kale ankagwira ntchito za ukazitape m'gulu lankhondo la mumlengalenga. Analankhula pa 26 Julayi 2023 pamaso pa komiti ya aphungu ku Washington, ndipo mawuwo ananenadi. Koma mukamvera msonkhano wonse, osati kachidutswa kokha, mumva kuti iye ankafotokoza zimene anauzidwa ndi anthu oposa 40 amene anawafunsa pa zaka zinayi. Za mitembo anati sanaione ndi maso ake. Akafunsidwa kuti umboni uli kuti, ankayankha kuti zimenezo angazinene m'chipinda chotsekedwa chokambiramo zinsinsi za boma. A ku Pentagon, likulu la asilikali a America, anakana zonse, ndipo mu Malichi 2024 ofesi yawo yofufuza nkhanizi, yotchedwa AARO, inatulutsa lipoti lonena kuti itafufuza mbiri yonse kuyambira mu 1945 sinapeze umboni wa chombo chilichonse chochokera kunja kwa dziko lapansi.

Ndikanatha kulekera pomwepo, koma funso lanu lachiwiri landikhudza, chifukwa anthu ambiri ophunzira akamva nkhaniyi amangoti "zabodza zimenezo" n'kutembenuka. Amenewo akulakwitsa. Kubisa kunachitika. Kunama kunachitika, ndipo zikalata za boma lomwelo zikuchitira umboni. Chimene ine ndikukana ndi kulumphira ku mfundo yoti chobisidwacho ndi alendo a ku mapulaneti ena. Nthawi iliyonse imene chikalata chachinsinsi chatsegulidwa pa nkhaniyi, mkati mwapezeka chinthu chimodzimodzi: asilikali ankateteza zida zawo, ndege zawo zoyeserera, ndi njira zimene amaonera ndi kumvera adani awo.

Tiyambe ndi munthu amene anafa nacho chinsinsi chimenechi. Pa 7 Januwale 1948, anthu a m'chigawo cha Kentucky anaona chinthu chachikulu chowala kumwamba. Kaputeni Thomas Mantell, wazaka 25, anali m'ndege yankhondo ya F-51 Mustang ndipo anapemphedwa kuti akaone. Ndege yake inalibe mpweya wa okosijeni wokwanira ulendo wokwera kwambiri. Munthu akadutsa mamita 7,000 opanda okosijeni, m'mphindi zochepa maganizo amasokonekera, kenako amakomoka osazindikira n'komwe kuti wayamba kukomoka. Anzake anabwerera, iye anapitiriza kukwera, ndipo ndege inagwa pafupi ndi tauni ya Franklin. Poyamba akuluakulu anati ankathamangitsa nthanda. Patapita zaka, ofufuza a gulu lankhondo lomwelo anati chimene chikugwirizana ndi umboni ndi chibaluni cha Skyhook, cha asilikali apamadzi, chimene chikafufuma m'mwamba chinkafika pafupifupi mamita 30 m'mimba mwake. Ntchito ya mabaluniwa inali yachinsinsi, choncho Mantell ndi amene ankamulankhula pa wailesi sakanadziwa kuti kuli chinthu chotero. Nthambi imodzi ya asilikali inabisira nthambi inzake, mnyamata n'kutaya moyo.

Za ku Roswell mwina munazimvapo. Pa 8 Julayi 1947 bwalo la ndege zankhondo la ku Roswell, m'chigawo cha New Mexico, linalengeza kuti latola "mbale youluka" pa famu ina. Tsiku lomwelo Jenerali Roger Ramey ku Fort Worth anaitana atolankhani n'kuwauza kuti chinali chibaluni choyezera nyengo. Pa zaka 47 boma linakakamira yankho limenelo. Mu 1994, phungu wa ku New Mexico Steven Schiff atalimbikira kufunsa, gulu lankhondo la mumlengalenga linavomera kuti nkhani ya nyengo sinali yonse. Zotsalirazo zinali za ntchito yotchedwa Project Mogul: mabaluni ambiri omangidwa pa chingwe chimodzi chotalika pafupifupi mamita 200, onyamula zipangizo zomvera phokoso m'mwamba kwambiri, kuti America idzadziwe tsiku limene Soviet Union idzaphulitse bomba lake loyamba la nyukiliya. Pa chingwecho ankamangaponso timakaiti ta timitengo topepuka, pepala lonyezimira ndi tepi, kuti rada izitha kulondola kumene mabaluni alowera. N'zimene woyang'anira famu ija anatola. Chinanso chimene anthu okayikira boma amatchula, ndipo n'choona, n'chakuti ofesi ya boma yolondoloza za chuma ndi ntchito za maofesi inapeza mu 1995 kuti mauthenga otuluka pa bwalo la Roswell a zaka zimenezo anawonongedwa, popanda cholembedwa chosonyeza amene analamula. Munthu akakunamizani zaka 47, n'kutayanso mapepala, tsiku limene adzanene zoona simudzamukhulupirira. Boma la America linadzikolera lokha msampha umenewu.

Pamene kubisa kunasanduka ndondomeko ndi mu 1952 ndi 1953. Usiku wa pa 19 ndi pa 26 Julayi 1952, rada ya pa bwalo la ndege la Washington inaonetsa timadontho tosadziwika pamwamba pa likulu lenilenilo. Ndege zankhondo zinanyamuka, nyuzi zinadzaza nkhaniyi, ndipo mafoni a asilikali ankangolira. Jenerali John Samford anauza atolankhani kuti mpweya wotentha unali utakhala pamwamba pa mpweya wozizira, zimene zimapindira mafunde a rada pansi n'kuchititsa kuti zinthu zapansi zioneke ngati zili m'mwamba. Bungwe laukazitape la CIA linada nkhawa ndi china: ngati malipoti a anthu wamba angatseke njira zotumizira mauthenga chonchi, mdani angathe kuyambitsa chipwirikiti dala pa tsiku limene akutumiza ndege zoponya mabomba. Mu Januwale 1953 anasonkhanitsa asayansi motsogozedwa ndi H. P. Robertson. Iwo anati palibe umboni woti zinthuzi ndi zoopsa, koma analangiza kuti boma ligwiritse ntchito nyuzi, wailesi ndi makanema pochotsa chidwi cha anthu pa nkhaniyi, komanso kuti magulu a anthu wamba ofufuza zouluka azionetsetsedwa. Kenako kunabwera lamulo la asilikali la nambala 200-2, lonena kuti mkulu wa pa bwalo angauze atolankhani za lipoti pokhapokha ngati chinthucho chadziwika kuti ndi ndege, baluni kapena nyenyezi. Chimene sichinadziwike chinkatumizidwa mwakachetechete ku bwalo lankhondo la Wright-Patterson ku Ohio.

Taonani zotsatira zake. Anthu ankamva za milandu yothetsedwa yokha, pamene mboni zenizeni zinkadziwa kuti zimene zinaona sizinafotokozedwe. Ine ndimaona kuti langizo la Robertson ndilo linawononga kwambiri pa mbiri yonseyi, kuposa bodza la ku Roswell, chifukwa linaphunzitsa mibadwo ya oyendetsa ndege kuti wonena zimene waona amasekedwa ndipo angathe kuchotsedwa pa ndege.

Ofesi imene inkalandira malipotiwa inakhala ndi mayina atatu: Project Sign mu 1948, Project Grudge mu 1949, ndi Project Blue Book kuyambira mu 1952 mpaka pamene inatsekedwa pa 17 Disembala 1969. Malipoti onse anali 12,618, ndipo 701 anatsala osadziwika. Anthu amaganiza kuti inali nthambi yaikulu. Pa zaka zambiri munkakhala ofisala mmodzi, masajeni angapo ndi mlembi. Lipoti likafika, ankaliyerekeza ndi mndandanda wa maulendo a ndege, nthawi zotulutsira mabaluni a nyengo, ndi malo a nyenyezi usiku umenewo, mothandizidwa ndi katswiri wa zakuthambo J. Allen Hynek. Vuto linali pa mawu awiri, "mwina" ndi "zikuoneka kuti". Mlandu wolembedwa kuti "mwina ndege" unkawerengedwa pakutha pa chaka m'gulu la ndege basi. Hynek, amene anayamba ntchitoyi akuseka malipoti, anadzatsiriza akudzudzula ofesiyo poyera kuti sinkafufuza mwasayansi.

Ndipo m'zaka zomwezo munali ndege ya U-2. Inayamba kuuluka mu 1955 kuchokera ku Groom Lake m'chipululu cha Nevada, malo amene tsopano dziko lonse limawatcha Area 51, ndipo boma silinawatchule poyera m'zikalata zake mpaka mu 2013. Ndege zonyamula anthu za nthawi imeneyo zinkauluka pakati pa makilomita 3 ndi 6 kuchokera pansi. U-2 inkadutsa makilomita 18, ndipo palibe amene ankadziwa kuti munthu angafike kumeneko. Ndege zoyambirira zinali zonyezimira ngati siliva. Madzulo, woyendetsa ndege ya anthu akakhala kale mu mdima, U-2 m'mwambamo inali ikuwombedwabe ndi dzuwa, ndipo inkaoneka ngati moto woyenda. Malipoti akafika ku Blue Book, ofufuza ankafunsa a CIA ngati ndege yawo inali m'dera limenelo, ndipo akavomera, mboni inkauzidwa kuti inaona zinthu za nyengo. Wolemba mbiri wa CIA, Gerald Haines, analemba mu 1997 kuti oposa theka la malipoti a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960 anali a ndege zaukazitapezi. Ofufuza ena odziimira paokha amati chiwerengero chimenecho n'chokokomeza, ndipo ali ndi mfundo, koma kuti anthu ananamizidwa dala palibe amene akutsutsa.

Choipitsitsa kwa ine ndi chimene chinachitikira Paul Bennewitz, wamalonda wa zipangizo zamagetsi wa ku Albuquerque, amene nyumba yake inali pafupi ndi bwalo lankhondo la Kirtland. Cha m'ma 1979 anayamba kujambula nyali zachilendo ndi kutola mafunde a wailesi ochokera kumeneko. Pokhala nzika yokonda dziko lake, anakanena kwa asilikali. M'malo momuuza kuti asiye, wapolisi wachinsinsi wa gulu lankhondo, Richard Doty, anayamba kumupatsa nkhani ndi zikalata zabodza zomutsimikizira kuti akumva mauthenga a alendo ochokera kuthambo. Doty mwiniwake wakhala akuvomereza zimenezi poyera. Bennewitz anasokonekera maganizo mpaka abale ake anamugoneka m'chipatala mu 1988. Zambiri zimene zikuzungulira pa intaneti lero, za mapanga apansi pa nthaka ndi mapangano a boma ndi zamoyo zina, mizu yake ili m'mabodza amenewo. Ndiye wina akakutumizirani "chikalata chachinsinsi chimene chatuluka mozemba", dziwani kuti nthawi zina wochitulutsa anali yemweyo amene mukuganiza kuti akubisa.

Mlonda wa pa sitolo angakuuzeni kuti usiku anaona munthu kuseri kwa mpanda, koma sangakuuzeni pamene amabisala ndi mbali imene tochi yake siifika, chifukwa akatero wapereka mapu kwa wakuba. Ndi mmene zilili ndi zithunzi za asilikali. Chithunzi cha baluni wamba chojambulidwa ndi setilaiti yaukazitape chimakhala chachinsinsi, ndipo chifukwa chake si baluniyo. Katswiri wa dziko lina akachiona amatha kuwerengera kukula kwa galasi la kamera, kutalika kumene imaona bwino, ndi malo amene setilaiti inali pa ola limenelo. Mu 1980 gulu la anthu wamba linasumira bungwe la NSA, laukazitape womvera mauthenga, kukhoti kuti litulutse zikalata zake za zouluka zosadziwika. NSA inapereka kwa jaji chikalata cha masamba 21 chofotokoza chifukwa chokanira, ndipo chimene anthu anaonetsedwa chinali chodetsedwa ndi inki pafupifupi tsamba lonse. Kwa zaka zambiri masamba akudawo ankaonetsedwa pa misonkhano ngati umboni waukulu. Atadzawatsegula kwambiri patapita zaka, zinapezeka kuti anali mauthenga a asilikali a mayiko ena amene NSA inkamvera mobisa, ndipo ambiri anali ndi ndemanga yoti mwina anali mabaluni. Chinsinsi chinali chakuti America inkamva zolankhula za rada za anthu amenewo.

Tsopano za masiku ano. Mu Disembala 2017 nyuzi ya New York Times inaulula kuti Pentagon inawononga madola 22 miliyoni pa kafukufuku wa zinthuzi, ndalama zimene Seneta Harry Reid anathandiza kupeza. Mu 2019 asilikali apamadzi anakonza njira yoti oyendetsa ndege azipereka malipoti popanda mantha, ndipo mu Epulo 2020 Pentagon inatulutsa mavidiyo atatu odziwika ndi mayina oti FLIR, GIMBAL ndi GOFAST. Lipoti la pa 25 Juni 2021 linali ndi milandu 144, ndipo umodzi wokha ndi umene unafotokozedwa, baluni yaikulu imene inkaphwa. Anthu anawerenga 143 yotsalayo ngati chivomerezo. Lipotilo linanena momveka kuti vuto linali kuchepa kwa umboni wolembedwa bwino.

Vidiyo ya GOFAST ndi yabwino kuphunzirirapo, chifukwa aliyense wodziwa masamu a ku sekondale angathe kuiwerengera. Mumaona kadontho kakuthamanga ngati kakukhudza madzi a nyanja. Koma m'mphepete mwa chithunzicho muli manambala: ndege inali pa mafiti 25,000, ngodya imene kamera inaweramira yalembedwa, ndipo mtunda wokafika pa chinthucho walembedwanso. Mukachulukitsa mtundawo ndi sine wa ngodyayo mupeza kuti chinthucho chinali pafupifupi pakati pa ndege ndi nyanja, cha pa mafiti 13,000, omwe ndi makilomita 4. Ndege yojambulayo ndi imene inkathamanga. Kamera itagwira kadontho n'kumakatsatira, nyanja ya kumbuyo inkaoneka ikusesereka mwaliwiro. Gulu la asayansi la NASA mu 2023 linapeza kuti liwiro lake linali pafupifupi makilomita 65 pa ola, lofanana ndi mphepo ya m'mwamba motero. Momwemonso ndi "mapiramidi" obiriwira amene anajambulidwa pa sitima yankhondo: mu Meyi 2022 aphungu anauzidwa kuti anali madroni, ndipo makona atatuwo anabwera chifukwa cha kabowo kolowera kuwala m'chipangizo choonera usiku pamene chithunzi sichinalunjike bwino.

Si zonse zimene zatha motero, ndipo amene akunena kuti zonse zafotokozedwa akunama nayenso. Pa 14 Novembala 2004, kufupi ndi gombe la California, Komanda David Fravor ndi Alex Dietrich, aliyense m'ndege yake ya F/A-18 yochokera pa sitima ya Nimitz, pamodzi ndi anzawo a pampando wakumbuyo, anaona masana kuli ngwee chinthu choyera, chotalika ngati mamita 12, chopanda mapiko ngakhale utsi, chikuyenda modumphadumpha pamwamba pa madzi. Anatumizidwa kumeneko ndi a rada a pa sitima ya Princeton, amene anali atakhala akuona timadontho tachilendo kwa masiku angapo. Anthu anayi ophunzitsidwa bwino, ndipo nkhani yawo sinasinthe. Chimene chimandipweteka n'chakuti palibe kafukufuku weniweni amene anachitika sabata imeneyo. Anzawo pa sitima anawaseka, zolemba za rada sizinaonetsedwepo poyera, ndipo chatsala ndi kavidiyo kosaoneka bwino ka mphindi imodzi ndi masekondi ochepa, kojambulidwa ndi ndege ina pambuyo pake. Kaya chinali chida choyeserera cha America yomweyo, kaya cha dziko lina, kaya china, gulu lankhondo limene limalola nkhani yotere kutha ndi nthabwala lalephera ntchito yake.

Kulephera kumeneko kunaonekera poyera mu Febuluwale 2023. Rada yoteteza dziko imasefa zimene ikuona. Ikapanda kutero, chophimba chimadzaza mbalame, mitambo ndi mabaluni a nyengo, choncho makompyuta amauzidwa kutaya chilichonse choyenda pang'onopang'ono kapena chaching'ono, n'kusunga zothamanga ngati ndege ndi mizinga. Chibaluni cha ku China, chotalika pafupifupi mamita 60, chitadutsa pamwamba pa America yonse n'kugwetsedwa pa 4 Febuluwale kufupi ndi South Carolina, akuluakulu anavomera kuti ena otere anadutsapo kale osaonedwa. Atamasula sefayo, m'masiku atatu otsatizana, pa 10, 11 ndi 12 Febuluwale, anawombera zinthu zina zitatu ku Alaska, ku Yukon ndi pa nyanja ya Huron, ndi mizinga ya AIM-9X ya madola pafupifupi 400,000 umodzi, ndipo mzinga woyamba wa ku Huron unaphonya. Pulezidenti wa nthawi imeneyo Joe Biden anadzanena kuti zitatuzo zikuoneka kuti zinali mabaluni a makampani, a ochita kafukufuku kapena a anthu ongosangalala nawo. Zaka 70 zophunzitsa anthu kuti asamanene zimene aona, mapeto ake mdani weniweni anadutsa poyera.

Mayiko ena anasankha njira ina, ndipo sanagwe nayo. Ku France kuli ofesi ya GEIPAN, ya bungwe la boma la zakuthambo ku Toulouse, imene inayamba mu 1977. Mboni imakapereka lipoti kwa apolisi kapena kudzaza fomu, akatswiri amafufuza, ndipo kuyambira mu 2007 mafayilo amaikidwa pa intaneti mayina a mboni atachotsedwa. Mlandu uliwonse umapatsidwa chilembo: A ngati wadziwika ndithu, B ngati ukuoneka kuti wadziwika, C ngati umboni ndi wochepa, D ngati umboni ulipo wokwanira koma yankho palibe. A m'gulu la D ndi pafupifupi 3 pa 100 alionse. Kusiyanitsa C ndi D ndiko kumene Blue Book ndi malipoti ambiri a ku America analephera kufotokozera anthu. Britain inatseka desiki yake ya nkhanizi mu Disembala 2009 itanena kuti pa zaka zoposa 50 palibe lipoti limene linaonetsa chiopsezo, ndipo mafayilo ake anapita ku National Archives pakati pa 2008 ndi 2013. Koma onani: kalata ya msilikali wa ku America, Lt Col Charles Halt, yofotokoza nyali zimene zinaoneka m'nkhalango ya Rendlesham ku Britain mu Disembala 1980 inayamba kutuluka ku America mu 1983, kudzera m'lamulo lopempha zikalata, pamene ku Britain kunali zii.

Abale athu a ku Zimbabwe akumbukira za ku Ruwa, kufupi ndi Harare, kumene pa 16 Seputembala 1994 ana 62 a pa sukulu ya Ariel anati anaona chombo chitatera kuthengo ndi zamoyo zovala zakuda. Usiku wa masiku awiri m'mbuyomo anthu ambiri a kum'mwera kwa Africa anaona moto ukudutsa kumwamba, umene unadziwika kuti unali chidutswa cha roketi ya ku Russia yonyamula setilaiti ya Cosmos 2290 chikupsa polowanso mu mpweya wa dziko, ndipo mawailesi anali atadzaza nkhani za zouluka. Ine sindinena kuti anawo ananama. Chimene chinalakwika ndi kafunsidwe. Wofufuza za zouluka zosadziwika Cynthia Hind anawafunsa m'magulu, wina akumva zonena mnzake, ndipo dokotala wa ku Harvard John Mack anafika patatha miyezi iwiri. Umboni ukasakanizika chonchi sungalekanitsidwenso.

Mukaona chinthu kumwamba

Lembani nthawi mpaka pa mphindi, musanachite china chilichonse, pamodzi ndi malo amene mwaima ndi mbali imene mwayang'ana. Tambasulani mkono n'kukunga chibakera: chibakera chimodzi ndi pafupifupi madigiri 10, ndiye werengani zibakera kuchokera pamene thambo lakumana ndi dziko kukafika pa chinthucho. Pojambula musakokere chithunzi pafupi, chifukwa foni imangokulitsa chibwibwi n'kupanga maonekedwe amene kulibe. Siyani mtengo, denga kapena phiri m'chithunzimo, ndipo tsamiritsani foni pa khoma, apo ayi kunjenjemera kwa dzanja kumaoneka ngati chinthucho chikuvina. Musakhulupirire maso pa kukula ndi mtunda usiku; popanda chodziwika pambali pake, nyali yaing'ono yapafupi ndi yaikulu yakutali zimaoneka chimodzimodzi. Mboni iliyonse ilembe payokha musanakambirane. Sungani fayilo yoyamba, ndipo potumiza pa WhatsApp itumizeni ngati document, chifukwa njira ya masiku onse imafinya chithunzi n'kuchotsa zolemba za nthawi ndi malo. Kenako yerekezani nthawi yanu ndi Flightradar24 pa ndege, Stellarium pa nthanda ndi nyenyezi zina, ndi Heavens-Above pa masetilaiti. Mzere wa nyali zoyenda mondondozana dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha kawirikawiri amakhala masetilaiti a Starlink ongotumizidwa kumene.

Za kufufuza zikalata, Bambo, yambani ndi zimene zatuluka kale, poti n'zambiri kuposa zimene munthu angawerenge. Mafayilo a Blue Book ali ku National Archives ya ku America, ndipo lamulo la kumapeto kwa 2023 linakhazikitsa kumeneko gulu lapadera la zikalatazi, Record Group 615, ngakhale kuti aphungu anachotsamo mbali yamphamvu imene Maseneta Chuck Schumer ndi Mike Rounds ankafuna, ya komiti yodziimira payokha yolamula kutsegula mafayilo. AARO imaika malipoti ndi mavidiyo pa tsamba lake, CIA ili ndi chipinda chowerengera cha pa intaneti, ndipo John Greenewald wakhala akusonkhanitsa zikalata zotere pa The Black Vault kuyambira mu 1996. Ngati chimene mukufuna palibe, lamulo la ku America lopempha zikalata za boma, lotchedwa FOIA, limalola munthu wa dziko lililonse kupempha. Lembani m'Chingerezi kwa nthambi yeniyeni imene ili ndi chikalatacho, tchulani tsiku, malo, dzina la sitima kapena bwalo, ndi mtundu wa chikalata. Pempho loti "zonse za UFO" (zouluka zosadziwika) limakanidwa kapena kugona zaka. Nenani ndalama zimene mungalipire, ndipo pemphani kuti akutumizireni pa imelo. Lamulo limati ayankhe m'masiku 20 ogwira ntchito, koma yembekezani miyezi. Pamalo podetsedwa amalembapo nambala ya chifukwa, ndipo b(1) ndiyo ya chitetezo cha dziko. Akayankha kuti sangavomere kapena kukana kuti chikalatacho chilipo, musatenge zimenezo ngati umboni, poti amayankha motero pa nkhani zambiri zaukazitape. Muli ndi masiku osachepera 90 ochita apilo. Ngati mukudziwa mutu ndi tsiku la chikalata chakale, makamaka choposa zaka 25, pemphani Mandatory Declassification Review, njira yopempha kuti aunikenso ngati chikalata chiyenera kukhalabe chachinsinsi, m'malo mwa FOIA, chifukwa imeneyo akakukanani mungathe kukadandaula ku komiti ya ISCAP, imene ili kunja kwa nthambi yokanayo ndipo ili ndi mphamvu yosintha chigamulo chake.